Njinga ya kumapiri tisagule ndi kalata ya amfumu yokha



Mvula ikangoyamba, uthenga umatsika kuchokera ku Mvera, Mponela ndi Malomo kuti njinga zamoto zatchipa. Si bodza ayi. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amagula njinga ndi ndalama za fodya kapena soya m'mwezi wa June, ndiye pofika December feteleza wamuthina, waiika pamsika. Ife amene timakweza usipa ndi mpunga kuchokera ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chia timaifuna njingayo, ndipo kuifuna si kulakwa. Chimene chatidandaulitsa n'choti ambiri tikubwera nazo ndi kapepala kamodzi kodindidwa ndi a nyakwawa, basi.

Amfumu timawalemekeza, koma iwo amangochitira umboni kuti ndalama zaperekedwa. Kumene njingayo inachokera sakudziwa. Boma limazindikira dzina limene lili mu blue book ndi m'makina a MalTIS ku Road Traffic. Ngati dzinalo si lanu, pamaso pa lamulo njingayo si yanunso, ngakhale mwaigulira matayala atsopano kawiri.

Ena amati bola ili ndi nambala. Nambala ya DA kapena NS munthu amatha kuimasula ndi sipanala pa njinga ina n'kuimanga pa iyi. Gwadani pansi, pukutani matope, muwerenge nambala ya injini ndi ya chasesi, muone ngati zikufanana ndi za m'bukumo chilembo ndi chilembo. Pakaoneka pokwechedwa kapena popakidwa penti watsopano, nyamukani. Tonse tamvapo za anyamata a kabaza amene amavulazidwa kapena kuphedwa usiku chifukwa cha njinga zawo. Njingazo sizisungunuka, zimakagulitsidwa kwa anthu ngati ife, pa mtengo wokoma. Msilamu angamakwere bwanji chinthu chotero popita ku swala ya Ijumaa, mtima uli m'malo?

Nanga imene sinalembetsedwepo? Zambiri zimalowa kuchokera ku Mozambique kudzera njira zachidule, msonkho osalipira. Popanda mapepala a MRA, ku Road Traffic sakupatsani nambala, ndipo ngongole ya msonkhoyo mwaigulira limodzi ndi njinga. Kutchipa kuja kwathera pomwepo.

Tikudziwa chimene mutiyankhe: Lilongwe ndi kutali, mizere ndi yaitali, ndipo wogulitsa safuna kusiya munda pa nthawi yopalira. Zoona zimenezo, ndipo ifenso tikupempha boma kuti ntchitoyi izifika pafupi ndi anthu a m'maboma a kunyanja. Koma ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri sungafanane ndi njinga kukhala pa polisi miyezi, usipa ukuwolera pa thandala. Ndiye ikagunda mwana wa eni pa msewu wa M14 ilibe inshuwalansi, chipukuta misozi chidzachoka m'thumba mwanu, mwina mpaka kugulitsa ukonde.

Maganizo athu ndi awa. Musapereke ndalama zonse tsiku loyamba. Gwirizanani kuti gawo lotsala mudzapereka mukakasintha umwini ku Road Traffic nonse awiri, aliyense ndi chiphaso cha unzika ndi traffic register card yake. Mtengo wa ulendo wa wogulitsayo muuwerengere pamgwirizano pomwepo. Popeza yotsalayo ndi ngongole, ilembedwe pamaso pa mboni. Ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ikunena za zomwezi: kulemba ngongole ndi kuika mboni pa malonda. Ashehe athu amaiwerenga kawirikawiri, ife timangoiiwala tikafika pa msika.

Komanso tisamupsinje mlimiyo chifukwa choti ali pa moto wa feteleza. Amene ali ndi mapepala onse ayenera kulandira mtengo wabwinoko. Amene akuti blue book ili kwa achimwene ake ku Joni, muuzeni kuti mudzabweranso achimwenewo akadzaitumiza.