Mphika Wathu: Zakudya Zachilendo Zimene Zamera Pakhomo Pathu

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndinaukumbukira tsiku limene ndinakacheza kwa gogo wina pa komboni ya esiteti ina ya tiyi ku Chipinge, amene makolo ake anachoka ku Mulanje m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Gogoyu anandiphikira nsima ya nkhwani wotendera, koma nditalawa ndinamva kuti ndiwozo zinali zonona mwachilendo. Nditafunsa, iwo anaseka nandiuza kuti mumphikamo munalibe nsinjiro, koma anatenderamo mtedza wa makadamiya wosweka umene mdzukulu wawo anawagulira kwa mlimi wina wa m'deralo.

Tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge m'chaka cha 1924 pa munda wa New Year's Gift, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Tanganda linkangotanthauza tiyi. Masiku ano maesiteti a kumeneko akulimanso makadamiya ndi mapeyala a mtundu wa Hass ogulitsa kunja. Nako ku Honde Valley, kupatula tiyi wa ku Aberfoyle, chigwa chonse chadzaza ndi nthochi zimene malole amapita nazo ku msika wa Sakubva ku Mutare ndi wa Mbare ku Harare. Chodandaulitsa n'chakuti manja amene amakolola zonsezi akabwerera kunyumba amakapisa m'mbale ya repu kapena kabichi, lero ndi mawa chimodzimodzi. Mayi akafuna kusintha kakomedwe ka ndiwo amathamangira ku golosale ya pa Hauna kukagula supu wa m'mapaketi, amene mbali yake yaikulu ndi mchere ndi zokometsera chabe. Ndalama yapita, koma thupi la mwana silinapindule kanthu.

Tiyambe ndi makadamiya a gogo aja. Mtengowu unachokera ku Australia, ndipo ku Malawi umalimidwanso ku Thyolo ndi ku Ntchisi. Mtedza wake uli ndi mafuta ambiri kuposa mtedza wathu wa masiku onse, pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi. N'chifukwa chake mukausinja mumtondo sukhala ufa ngati nsinjiro, koma umasanduka chiponde msanga. Ukazingeni pang'ono pamoto wozizira chifukwa suchedwa kupserera, musinje dzanja limodzi, musungunule ndi madzi ofunda, ndipo muthire m'ndiwo zikatsala pang'ono kupsa. Koma dziwani ichi: makadamiya ali ndi zomanga thupi zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtedza wamba, choncho asalowe m'malo mwa nsinjiro m'phala la mwana. Kusakaniza zonse ziwiri ndiko kwabwino. Mtedza wonunkha chuku utayidwe, mwana wamng'ono asapatsidwe wosasinja kuopa kutsamwa, ndipo agalu asaudye chifukwa umawadwalitsa. Chinanso, kuba makadamiya m'minda ndi mlandu waukulu ku Chipinge. Gulani kwa mlimi wodziwika, osati kwa munthu wobwera ndi thumba usiku.

Peyala si lachilendo kwenikweni, koma ambiri timangolidya ndi shuga kapena kupaka pa buledi. Peyala lakupsa bwino lingathe kuphwanyidwa ndi supuni n'kusakanizidwa m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6, phalalo litaphulidwa kale pamoto, pakuti peyala likaphikidwa limawawa. Mapeyala amene ogula akunja amawakana chifukwa cha zipsera za pakhungu amakhala abwinobwino m'kati, ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Mlendo wina amene anthu akumuyang'ana ndi diso lokayika ndi chimanga chofiirira ngati lalanje, pamodzi ndi mbatata yofiira m'kati. Achikulire ambiri akaona ufa wachikasu amakumbukira chilala cha 1992, pamene ku Zimbabwe kunabwera chimanga chachikasu chimene anthu ankachitcha kuti Kenya, ndipo mpaka lero ena amati nsima yotere ndi ya njala. Chimanga chatsopanochi n'chosiyana ndi chija. Akatswiri a mbewu anachipeza pokwatitsa mitundu ya chimanga kuti chikhale ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Kuti banja lizolowere, yambani ndi phala kapena chikondamoyo, kapena sakanizani ufawu ndi ufa woyera. Musagayitse chambiri nthawi imodzi ndipo muchisunge pamalo opanda dzuwa, chifukwa mphamvu yake imachepa chikakhalitsa. Vitamini A amalowa bwino m'thupi ngati chakudyacho chili ndi mafuta. Apa ndi pomwe nzeru za makolo zikukumana ndi za akatswiri: futali wa mbatata yofiira wothira nsinjiro kapena makadamiya ndi chakudya choposa zambiri za m'sitolo. Masamba ake, kholowa, nawonso ndi ndiwo.

Pali nkhani ina imene ife a m'dera la tiyi tiyenera kuimvetsa bwino. Alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa nyemba za NUA45, zimene zili ndi mchere wa ayironi wochuluka wothandiza kupewa kuchepa kwa magazi, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi atsikana. Koma tiyi ali ndi zinthu zimene zimamanga ayironi m'mimba kuti asalowe m'magazi. Mayi amene amadya nyemba zabwinozi akutsitsira ndi kapu ya tiyi wakuda amataya mbali ya phindu lake. Sindikunena kuti tileke tiyi amene amatidyetsa ayi. Tingodikira kuti papite ola limodzi titatha kudya. Pa chakudyapo pakhale tomato, gwafa, lalanje kapena madzi a mandimu, pakuti zimenezi zimathandiza ayironi kulowa m'thupi. Nyembazo zinyikidwe m'madzi usiku wonse kuti zisathe nkhuni.

Nanga nthochi zosapsa zimene zimatsala malole akalephera kutsika m'chigwa nthawi ya mvula? Zisendeni, zidulenidule mopyapyala, ziyanikeni pa thandala loyera mpaka zitauma gwa, kenaka zisinjeni. Ufa wake mungathe kusakaniza ndi mgaiwa pophika phala kapena ndi ufa wa tirigu pokazinga mandasi. Koko, amene anzathu a Chishona amati madhumbe, ndi wochuluka ku Honde Valley ndipo amakoma kumutendera ngati futali. Masamba ake anthete ndi ndiwo, malinga aphikidwe mpaka atapsa ndithu, apo ayi amayabwa pakhosi.

Za m'sitolo sizoipa zonse. Kuyambira mu July 2017 lamulo la ku Zimbabwe linalamula kuti shuga, mafuta ophikira, ufa wa chimanga ndi wa tirigu wa m'mafakitale ziziwonjezeredwa mavitamini ndi michere. Pogula, yang'anani chizindikiro chosonyeza zimenezi pa paketi, osangokopeka ndi mtundu wa pepala.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a amayi, kumbukirani kuti munthu sakhulupirira chakudya chifukwa cha chithunzi cha pakhoma koma chifukwa cha lilime lake. Konzani tsiku lophikira pamodzi pa komboni kapena pa sikelo ya ana, aliyense abwere ndi chimene ali nacho. Yesani chinthu chimodzi chatsopano pa nthawi, pang'ono pokha, kuti ngati mwana atatuluka zidzolo kapena kutupa milomo mudziwe chimene chachititsa ndi kuthamangira naye kuchipatala. Abambo ndi agogo aitanidwe kuti alawe nawo, chifukwa chakudya chimene bambo wachikana pakhomo sichiphikidwanso kachiwiri. Ndipo funsani achikulire kaye musanayambe kuphunzitsa: gogo wa ku Chipinge uja sanapite ku maphunziro a kadyedwe, anangoona mtedza wachilendo nauyesa mumtondo wake wakale. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kafutsidwe ka ndiwo zamasamba m'madera a chinyontho ngati athu ano.