Chithunzi Sichongokongoletsera Khoma

Ndatopa nawo anthu amene akaima patsogolo pa chithunzi chojambula pamanja amangofunsa kuti, "Kodi chikufanana?" Nkhope ikakhala yosaoneka bwino, amati wojambulayo luso lamuchepera. Ine ndikukana. Kufananitsa tiisiyire kamera. Wogwira burashi ntchito yake nkutionetsa mmene nthawi imadyera zimene timakumbukira, monga chiswe chidyera nsanamira.

Taganizani za Gerhard Richter wa ku Germany. Mu 1965 iye anajambula potengera chithunzi chakale cha kwawo, chimene chimaonetsa iye ali khanda pamodzi ndi Marianne, mchemwali wa mayi ake. Utoto usanaume anaupukutira dala mpaka nkhope zinakhala ngati zili m'nkhungu. Marianne anafera m'chipatala cha amisala mu 1945, pamene boma la Nazi linkapha odwala otere. Kodi munthu amene dziko linafuna kumufafaniza mungamujambule wowala mbee ngati wa pa kalendala? Nkhunguyo ndiye uthengawo.

Kuno ku Africa, Tshibumba Kanda-Matulu wa ku Lubumbashi anajambula zithunzi pafupifupi 100 za mbiri ya dziko lake m'zaka za 1973 ndi 1974, kuphatikizapo imfa ya Patrice Lumumba ya mu 1961. Apo nkuti Mobutu ali pampando.

Nanga kwathu kuno? M'mahotela ndi m'maofesi mwathu mwadzaza dzuwa likulowa panyanja, msodzi m'bwato, mayi atasenza mtsuko. Ojambula sindikuwada, pakuti amajambula chimene chimagulidwa, ndipo ana awo sadya utoto. Mlandu ndi wathu ogulafe. Ndani mwa ife anapemphapo wojambula kuti amuikire pansalu anthu amene anaomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, kapena nduna zitatu ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983?

Ena amati madzi akatayika saoleka, zakale zilekeni. Koma makolo athu sanaganize choncho. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Amayi a chinamwali pojambula pamenepo sankadikira mlendo wa ndalama, ankasungira anamwali mwambo.

Amene anaona 1959 ndi maso akutha mmodzimmodzi. Tikachedwa, adzukulu athu adzayesa kuti m'dziko muno munkangolowa dzuwa basi.