CHENJEZO: Musagule Injini ya Boti Yomwe Inamirapo M'madzi Amchere

Abale ndi alongo a ku Malawi okhala ku Indianapolis, South Bend ndi madera oyandikira, musatulutse ndalama pa injini ya boti yogwiritsidwapo kale ntchito musanatsimikize kuti sinamirepo m'nyanja yamchere. Ngati mwagula kale, musailize. Ngati ili mu kontena pa ulendo wa ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, muimbireni lero lomwe amene akailandire kumudziyo, asaimangirire ku boti n'kulowa nayo pakuya.

Kuno ku Indiana kulibe nyanja yamchere. Mtsinje wa White umene umadutsa pakati pa Indianapolis, madamu a Eagle Creek, Geist ndi Morse, mtsinje wa St. Joseph ku South Bend, ngakhalenso Lake Michigan, onsewa madzi ake ndi opanda mchere. Wogula kuno saganizako n'komwe za mchere, ndipo wogulitsa wachinyengo amadalira pomwepo. Pa 28 Seputembala 2022 namondwe wotchedwa Ian anagwa pafupi ndi Fort Myers, ku Florida, n'kuunjika maboti m'misewu ndi m'mabwalo a nyumba za anthu. Mu 2024 anamondwe otchedwa Helene ndi Milton anatsatizana m'boma lomwelo, wina pa 26 Seputembala, wina pa 9 Okutobala. Makampani a inshuwalansi akalipira eni maboti oterewa, zotsalazo amazigulitsa pa okushoni, ndipo ogula amazikokera kutali ndi gombe. Injini ikatsukidwa, n'kupoperedwa utoto, n'kujambulidwa bwino pa intaneti, imaoneka ngati mwayi wosayenera kuuphonya.

Galimoto yomwe inamira mungathe kuigwira pofufuza nambala yake ya VIN, poti nthawi zambiri mapepala ake amalembedwa kuti inawonongeka ndi madzi. Boti lili ndi nambala yake ya zilembo 12 kumbuyo kwake. Koma injini ikamasulidwa n'kugulitsidwa payokha, kawirikawiri palibe pepala lililonse loitsatira lonena za kumene yachokera.

Chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti mchere suuma n'kutha. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu muli mchere pafupifupi magalamu 35. Madziwo akauma, mcherewo umatsalira m'makona onse, umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo dzimbiri limangodyabe usana ndi usiku, injini ili chikhalire m'galaja kapena m'kontena. Limadya mabeyaring'i a kirankishafuti, limakumba timaenje m'makoma a silinda. M'mawaya ndiye zimaipiratu: madzi amakwera mkati mwa pulasitiki yokutira waya monga mmene palafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi, kotero kuti waya wooneka bwinobwino kunja amakhala atawola mkati. Wogulitsa akhoza kuiliza injiniyo mumgolo wa madzi inu mukuona, ilira ndithu, mwina mwezi wathunthu idzalira. Kulirako si umboni wa kanthu.

Tsono ganizirani kumene ikupita. Achimwene anu kapena amalume anu ku Nkhata Bay, Senga Bay, Chembe kapena Makanjira aimanga ku boti la matabwa, akweza anyamata a chilimira, alowa usiku kukasaka usipa kutali ndi gombe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba mwamphamvu pa nyanja ya Malawi, ndipo umadzuka anthu ali kale pakati pa madzi. Boti limapulumuka pa mafunde likalunjika mutu wake kumene mafundewo akuchokera, ndipo chomwe chimaligwira chotero ndi injini. Injini ikazima, botilo limapingasa, funde limalimenya m'nthiti, madzi amalowa. Boti lolemera ndi ukonde wonyowa simungalipalase ndi nkhafi kulimbana ndi mwera. Inu kuno mudzakhala mukuti mwathandiza banja.

Musanagule, vundukulani chivindikiro cha injini masana, panja powala. Ufa woyera wouma m'makona ndi pamitu ya mabawuti ndi mchere umenewo. Tsegulani polumikizira mawaya: mkuwa wabwino umanyezimira, wolowedwa mchere umabiriwira kapena kuda bii. Yang'anani mchenga ndi matope m'malo amene nsanza siingafike, komanso mzere wosonyeza pamene madzi analekeza. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Utoto watsopano pa injini yakale uzikudabwitsani. Funsani kumene injiniyo inkagwira ntchito, lembani nambala yake, ndipo makaniko wodziwa za maboti ayeze mphamvu ya silinda iliyonse musanalipire. Wogulitsa akakana zimenezi, nyamukani.

Mawu otsatirawa muwatumizenso kumudzi, chifukwa injini zimamiranso pa nyanja ya Malawi, mu Shire, ndi pa Chilwa pamene madzi ake ali ndi kamchere. Injini ikavuulidwa, musakoke chingwe kapena kupotokola kiyi kuti muone ngati ikulira. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Pisitoni ikawagunda mu silinda, chitsulo choigwiriza chimapindika kapena kuthyoka, injini n'kutheratu pomwepo. Yambani mwachotsa batire, waya wa negetivi poyamba. Tsukani injini yonse ndi madzi ambiri opanda mchere. Masulani mapulagi, mabowo ake aloze pansi, zungulizani fulayiwilo ndi manja mpaka madzi atuluke. Ikalimba osazungulira bwino, kapena mukamva mchenga ukukhutchula, lekani. Imeneyo njofunika kuimasula yonse. Ikamazungulira bwino, thirani oyilo m'mabowo a mapulagi n'kuzungulizanso. Khuthulani kabuleta, mapaipi ndi thanki, petulo yense wakale achoke. Ya oyilo wapayekha, musinthe oyiloyo pamodzi ndi fyuluta yake, muilize pang'ono, musinthenso, mpaka oyilo aleke kuoneka wamkaka. Kenako ilire nthawi yokwanira kuti itenthe, chinyezi chituluke, ndipo madzi oiziziritsa azilowa ndithu.

Zonsezi zichitike tsiku lomwelo. Dzimbiri limayamba chitsulo chonyowa chikangokumana ndi mpweya, patangopita maola ochepa. Ngati makaniko ali kutali, kuli bwino kuimiza injiniyo mumgolo wa madzi oyera opanda mchere mpaka afike kusiyana ndi kuiyanika padzuwa. Apa ndi pamene injini za ku okushoni zija zimagwera: zinakhala masabata kapena miyezi popanda woigwira, ndipo nthawi yozipulumutsa inadutsa kalekale.

Pa zamagetsi musachite chisoni ndi ndalama. Waya aliyense, maswitchi, mafyuzi ndi zolumikizira zomwe zinamira m'madzi amchere zichotsedwe, muike zatsopano. Kupopera mafuta ochotsa dzimbiri kumangobisa vutolo. Sitata ndi alitaneta zimasulidwe ndi wodziwa kapena zisinthidwe, ndipo pa boti la petulo musaikepo za galimoto, chifukwa za boti zimapangidwa kuti zisathethetse moto poyera. Nthunzi ya petulo njolemera kuposa mpweya, imadikha pansi pa boti, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira kuliphulitsa. Pa boti la injini yamkati, chokupizira mpweya chizungulire mphindi 4 musanalize. Batire ya asidi yolowedwa madzi amchere itha kutulutsa mpweya wa klorini, wopweteka mapapo. Ya lithiamu njoopsa koposa: pambuyo pa Ian, magalimoto amagetsi omwe anamira ku Florida ankayaka okha patadutsa masiku. Batire yotereyi musaitchaje, musailowetse m'galaja kapena m'chipinda chapansi, musaiike mu kontena.

Inu amene muli ndi boti konkuno, musalilumikize ku magetsi a padoko a 120 volts katswiri asanayeze mawaya onse. Magetsi otayikira m'madzi opanda mchere amadutsa m'thupi la munthu wosambira pafupi, amamuumitsa manja ndi miyendo, n'kumira anzake akuona. Ana asasambire pafupi ndi doko lililonse lokhala ndi magetsi.

Ngati mwagulitsidwa injini kapena boti mobisiridwa kuti linamira, sungani uthenga wonse umene munalemberana ndi wogulitsayo, zithunzi, lisiti ndi nambala ya injini. Kadandauleni ku nthambi yoteteza ogula ya ofesi ya Attorney General wa Indiana, yomwe ili ku Indiana Government Center pakati pa mzinda wa Indianapolis. Dandaulo mukhozanso kulitumiza pa intaneti. Nyengo ya anamondwe ku Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo miyezi yotsatira namondwe wamkulu ndi imene katundu wotereyu amachuluka pamsika. Lengezani chenjezoli kutchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu athu a WhatsApp, ndipo aliyense amene anatumizapo injini kumudzi kuyambira chakumapeto kwa 2022 awauze kuti makaniko aimasule n'kuiona mkati boti lisanalowenso m'madzi.