ZA ULIMI: MIDZI YA M'BOMA LA AYNI

Alimi anzanga, sabata ino tiyambe taleka za mizere ndi manyowa, ndikuuzeni za anthu olima pa malo obvuta koposa. Dziko lao ndi Tajikistan, ku Asia, limene linayamba kudzilamulira m'caka ca 1991. Mukagawa dzikolo m'magawo 10, magawo 9 ndi mapiri okha-okha.

Boma la Ayni liri m'cigwa ca mtsinje wa Zarafshan. Mudzi waukuru wa Ayni uli pafupi ndi pamene mtsinje wa Fan Darya uthira mu Zarafshan, pa mseu wocokera ku Dushanbe kunka ku Khujand. Mukatsata madzi kumadzulo mufika ku Panjakent. Midzi ingapo yoyandikana imakhala pansi pa bwalo limodzi lochedwa jamoat.

Tsono imvani za minda. Cigwaco ncopapatiza, ndipo mudzi umamangidwa pamene kamtsinje katuruka m'phiri nikasiya dothi. Mvula ya m'nyengo yolima njocepa; madzi ao ndiwo a cipale cosungunuka pamwamba pa mapiri. Amakumba ngalande m'mbali mwa phiri kufikitsa madzi ku munda, ndipo nyengo yobzala isanafike mudzi wonse umaturuka kukapala ngalandezo. Nchito yothandizana yotere aicha hashar. Mwini munda akazengereza, sabvutika yekha: mnzace wa kumunsi ndiye ayamba kuuma mbeu. Ine ndiyesa kuti nzeru yao yaikuru iri pamenepa, koposa pa mbeu zimene abzala.

Amalima tirigu, barele ndi mbatata ya kacewere, ndiponso zipatso zonga mapicesi zochedwa apurikoti, zimene amayanika pa madenga athyathyathya. Kukatentha, ziweto zimakwera ku mabusa a kuphiri, pamene ena atsala kumweta udzu wosungira nyengo ya cisanu. Wopanda udzu wouma ziweto zace sizifika caka cina. Mvula ikagwa yamphamvu, matope ndi miyala zimatsika m'phiri nizikwirira munda tsiku limodzi.

M'boma lomweli muli cigwa ca Yaghnob. M'caka ca 1970 boma la Soviet Union linasamutsa anthu a kumeneko kunka ku Zafarobod kukalima thonje m'cigwa cotentha, ndipo ambiri anadwala nafa. Ena anabwerera pambuyo pace, napeza nyumba zitagwa ndi ngalande zitakwiririka, nayambanso kukumba.