Chikalata cha Inshuwalansi ndi Tsiku la Matenda

Mwezi uno tifuna kukamba za mlandu umene usautsa mabanja ambiri muno mu Lilongwe. Ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central wodwala wamba salipira kanthu, koma pa zipatala zolipira, za ku Old Town ndi m'ma Area, mtengo uli wowawa. Chifukwa chake anthu a pa ntchito apereka ndalama mwezi ndi mwezi ku kampani ya inshuwalansi, kapena ku bungwe longa MASM, kuti liwalipirire akadwala.

Tiyerekeze kalaliki wa ku City Centre amene wapereka zaka zitatu osaphonya. Mkazi wake agonekedwa ndi nthenda ya shuga, iye alipira yekha, napita ndi malisiti kuti amubwezere. Kampani ikana, niti: Mayiyu anali nayo kale nthendayi, ndipo simunatiuze polembetsa. Mwamunayo apsa mtima, ayesa kuti amubera. Koma woweruza sayang'ana misozi. Ayang'ana chikalata chimene munthu anasainira. Pa malamulo a inshuwalansi wolembetsa ayenera kuulula zonse zimene adziwa za thupi lake, ndipo akabisa, kampani ikhoza kukana kulipira.

Tsono tikupemphani zinthu zinayi. Choyamba, nenani zoona polemba fomu, ngakhale za nthenda imene muchita nayo manyazi. Chachiwiri, funsani muli moyo wolimba: Kodi ndidzadikira miyezi ingati ndisanayambe kuthandizidwa? Malire a ndalama pa chaka ndi otani? Ndi gawo lanji limene ndidzalipira ndekha? Kodi opaleshoni ifuna chilolezo chanu poyamba? Safunsa anadya phula. Chachitatu, sungani lisiti lililonse ndi kalata ya dotolo, ndipo muzipereke msanga, pakuti masiku opereka ali owerengeka. Chachinayi, akakukanani, pemphani chifukwa chake cholembedwa. Mawu a pakamwa avuta kuwatsimikiza pa bwalo.

Komatu si nthawi zonse kampani ikhala yolungama, ndipo wosauka asaganize kuti alibe kolira. Lamulo la Financial Services Act la chaka cha 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank kukhala woyang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo ofesi yake ilandira madandaulo. Yambani mwalembera kampaniyo. Ikapanda kukuyankhani bwino, tengani makalata onse mupite nawo kumeneko. Zikakanika, bwalo la milandu lilipo, ndipo amene sangathe kulipira loya akapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Inu atate ndi amayi, madzulo ano tulutsani chikalatacho m'sutikesi, muchiwerenge pamodzi, pakuti pambali pa bedi la wodwala palibe nthawi yowerenga.