Wolira ndi wina, wokhuta ndi wina

Ndikamadutsa pa Msundwe pa minibasi ya ku Mchinji, ndimaona amayi atayala tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, wotolera msonkho wa pamsika akuwazungulira ndi kabuku kake ka malisiti. Mayi aliyense pamenepo amadziwa mtengo wa mulu wake. Ukatsutsa, akuwerengera mpaka tomato womaliza. Koma tafunsani boma lathu kuti loya limamulemba bwanji ndipo limamulipira zingati. Mudzangomva kuti abwana ali kumsonkhano, mubwere mawa.

Tiyeni tikumbutsane, poti ife Amalawi kuiwala sitichedwa. Pa 8 Okutobala 2019, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi miyala pa Msundwe pomwepa. Zinali zoipa, palibe wokana. Koma apolisi amene anapita kumeneko pambuyo pake anakagwirira ndi kuchita zamanyazi amayi ndi atsikana ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC linafufuza n'kutsimikiza. Amayi ndi atsikana 18 analimba mtima, bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association linawaimirira, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti boma liwapepese. Chipepeso cha onsewo pamodzi chinali pafupifupi K130 miliyoni.

Kenaka mu 2021 kunatuluka bilu ya maloya awo, yoti boma lilipire poti ndilo linagonja pamlandu: K255 miliyoni. Eee, mwamva bwino. Wogwiriridwa K130 miliyoni, womulankhulira K255 miliyoni.

Dziko lonse linakuwa, zala zonse kuloza maloya achizimayi aja: paja munkati mukugwira mwaulere? Funso labwino, ayankhe okha. Koma ine chala changa chikuloza kwina. Loya akapambana mlandu sangopisa dzanja m'thumba la boma ayi. Bilu yake imakaunikidwa kukhoti, ndipo wogonjayo ali ndi ufulu wotsutsa ola lililonse, pepala lililonse, ulendo uliwonse umene walembedwamo. Ntchito yotsutsayo ndi ya maloya a muofesi ya Attorney General, amene ife timawalipira mwezi ndi mwezi. Nanga bilu yoposa chipepeso pafupifupi kawiri inadutsa bwanji? Boma linathamangira kukhoti kukapempha kuti iunikidwenso anthu atakuwa kale. Mlonda wochita kudzutsidwa ndi mfuu ya odutsa m'njira, ameneyo ndi mlonda?

Wina anena kuti ndikungodana ndi boma la nthawi imeneyo. Ayi ndithu. Izo zinali m'nthawi ya Chakwera, koma bwererani chaka chimodzi m'mbuyo, m'nthawi ya Peter Mutharika. Khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, bungwe loyendetsa chisankho la MEC linachita apilo, n'kukalemba maloya a kampani ya Mboweni Maluleke ku South Africa pamtengo wa madola 788,500, pafupifupi K600 miliyoni panthawiyo. Anthu anazidziwa chikalata chitaululika, osati eni ake atatiuza. Mapeto ake? Mkulu wa makhoti onse panthawiyo, Andrew Nyirenda, anawakaniza maloyawo kuimirira pamlanduwo, ndipo apilo ija inagwa pa 8 Meyi. Apa mpando unali pachiswe, ndalama zinapezeka msanga. Maboma amasintha, abale, koma thumba lobooka ndi lomwelo.

Tsono yang'anani mbali inayi. Azakhali anga atalandidwa dimba, anagulitsa mbuzi zitatu kuti loya angowamvera nkhani yawo. Mbuzi zinatha, mlandu usanayambe n'komwe. Anthu onga iwowa ndi amene bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwira, koma chaka ndi chaka timalimva likudandaula kuti ndalama n'zochepa, maloya ndi ochepa, milandu yachita kuunjikana. Loya wa munthu wosauka ndalama zake zimasowa. Loya woteteza akuluakulu zake sizisowa. Zoona zimenezi?

Sindikuti loya azigwira ntchito ya thangata. Anapita kusukulu, alipidwe, monganso ine ndimafuna kulipidwa ndikalemba. Chomwe ndikukana ndi kulipirana mumdima. Boma likalemba loya wapadera, litiuze poyera: ndani, wasankhidwa bwanji, chifukwa chiyani maloya ake omwe sakanatha, ndipo mtengo ndi zingati. Bilu iliyonse imene boma lagonja nayo isindikizidwe, pamodzi ndi dzina la loya wa boma amene anaiona. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Si lokongoletsera kabati.

Chifukwa ndalama zonsezi sizichokera m'thumba la nduna, kapena la wapolisi wolakwa uja. Zimachokera pa msonkho wa sopo, wa mafuta a minibasi, wa mayunitsi a foni. Ndiye kuti mayi wa pa Msundwe anazunzidwa ndi antchito a boma, kenaka akagula sopo akusonkhera chipepeso chake chomwe, ndi bilu ya maloya pamwamba.

A Attorney General, mayi ameneyu amapereka msonkho n'kulandira lisiti. Nanunso tionetseni lanu.