Piadina ya ku Romagna ndi ufa wa nkhululu

Buledi wophwatalala amene anthu a m'chigawo cha Romagna kumpoto kwa Italy amamutcha piadina safuna uvuni, pakuti amangokanda ufa wa tirigu pamodzi ndi madzi, mchere ndi mafuta a nkhumba kapena a azitona, kenaka nkuuphwatalitsa ngati chapati ndi kuuwotcha mbali zonse ziwiri pa chiwaya chotentha chotchedwa testo, chimene kale chinkaumbidwa ndi dothi. Kuphweka kumeneku ndi kumene kwachititsa kuti anthu ena amene amayesa ufa wa tizilombo todyedwa m'makhitchini mwawo ayambire pa buledi wamtunduwu, ndipo chifukwa chake chili mu ufa momwemo.

Mu tirigu muli puloteni yotchedwa gluten, imene ikakandidwa ndi madzi imamatana nkukhala ngati ukonde wotanuka wogwira mpweya wotuluka mu yisiti, ndipo ndi ukonde umenewu umene umafufumitsa buledi wa m'sitolo. Ufa wa nkhululu zouma, ngakhale kuti gawo loposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ulibe gluten, kotero kuti ukachuluka buledi wofufuma amatuluka wogwa, wolimba ndi wakuda. Piadina sadalira kufufuma, motero imalolera ufa wachilendowu mosavuta, makamaka wophika akaika pang'ono, monga gawo limodzi mwa magawo khumi a ufa wonse, akaonjezera madzi pang'onopang'ono ndi kuusiya ufa wokandawo kwa kanthawi asanauphwatalitse kuti usang'ambike m'mphepete. Chotulukapo chimakhala chodera kuposa piadina wamba, ndipo ambiri amati kakomedwe kake kamayandikira ku mtedza wokazinga.

Malamulo ndiwo anachedwa kufika. Bungwe la European Union linaloleza koyamba kugulitsa mphutsi zouma za kachilombo ka Tenebrio molitor mu 2021, ndipo mu Januwale 2023 linavomereza ufa wa nkhululu zazing'ono za mtundu wa Acheta domesticus wochotsedwa ena mwa mafuta ake, wopangidwa ndi kampani ya Cricket One ya ku Vietnam. Boma la Italy, kudzera mwa nduna ya zaulimi Francesco Lollobrigida ndi nduna zinzake, linayankha mu Malichi chaka chomwecho ndi malamulo anayi okakamiza kuti zakudya zoterezi zilembedwe moonekera bwino pa paketi ndiponso ziziikidwa pa mashelefu akeake m'masitolo. Chenjezo la pa paketi ndi lomveka, chifukwa munthu amene thupi lake limadana ndi nkhanu kapena zamoyo zina za m'madzi zokhala ndi zigoba atha kudwala akadya tizilomboti. Koma zopatula mashelefu zikuoneka kuti zikuteteza kunyadira kwa dziko pa zakudya zake kuposa thanzi la ogula. Dzina lakuti Piadina Romagnola nalo ndi lotetezedwa ndi lamulo kuyambira 2014, ndipo ufa wa nkhululu suli pa mndandanda wa zimene ziyenera kulowamo, kotero kuti buledi wa zoyesazi sangagulitsidwe ndi dzina limeneli. Wowerenga amene anakulira pa ngumbi, dzombe ndi mphalabungu atha kumwetulira poona ndiwo za kumudzi zikufunika siginecha ya nduna.

Funso lovuta ndi lakuti ufa umenewu ukupulumutsadi chilengedwe kapena ayi. Lipoti la bungwe la FAO la 2013 linanena kuti anthu osachepera mabiliyoni awiri amadya tizilombo, ndipo bungweli limawerengera kuti tizilombo timafuna chakudya cha makilogalamu pafupifupi 2 kuti tionjezere kilogalamu imodzi ya thupi, pamene ng'ombe imafuna 8. Masamuwo ndi okopa, koma amagwira ntchito pokhapokha nkhululu zikalowa m'malo mwa nyama, pamene mu piadina zimalowa m'malo mwa tirigu, amene ndi chomera chosafuna kudyetsedwa. Kuonjezera apo, nkhululu zowetedwa ku Ulaya zimafuna nyumba zotenthetsedwa nyengo yozizira ndipo kawirikawiri zimadya zakudya zofanana ndi za nkhuku, zimene zimakweza mtengo wa ufawo kuposa wa tirigu kambirimbiri. Phindu la ufawu ku chilengedwe limaoneka pamene wophika, atalimbitsa buledi wake ndi mapuloteni, wasiya kupindiramo nyama ya nkhumba youmika yotchedwa prosciutto imene anthu a mumzinda wa Rimini ku Romagna anazolowera, nkukhutira ndi masamba a rucola ndi tomato.